Chilembo Chothyoka Mwendo

Mayiyo anali atasita zovala za anthu zaka zisanu ndi chimodzi moyang'anana ndi khomo la bambo wosindikiza, koma tsiku limene anawaonadi bambowo ndi limene mphepo inawabera pepala. Linali Lachiwiri m'mawa. Bambowo ankayanika mapepala awo pachingwe kukhonde, atawapana ndi mapegi ngati matewera, kuti inki iume. Kamphepo kanatsomphola limodzi, n'kuliwolotsa msewu, n'kudzaligwetsa pakhomo pa shopu yochapira zovala, pafupi ndi phazi lake. Pambuyo pankabwera mwini wake, bambo wamfupi wa imvi, m'chikhoti cha buluu chothimbirira, akuthamanga mokoka mwendo, dzanja lili m'mwamba kuimitsa njinga.

Mayiyo anaimika simbi n'kutola pepalalo.

"M'mphepete, mayi, m'mphepete," anatero bambowo akupuma wefuwefu. "Pakatipo sipanaume."

Sanafune kuwerenga za eni ake. Maso okha ndi amene anagwerapo. Mawuwo sanawasunge n'komwe. Chimene anaona ndi chilembo chimodzi, k wamng'ono, mwendo wake wakutsogolo woduka kunsonga ngati walumidwa ndi khoswe. Anapereka pepalalo mutu uli pansi, ndipo tsiku limenelo anapsereza kolala ya malaya a munthu, koyamba chiyambire ntchito.

Chilembo chimenecho ankachidziwa monga mmene mayi amadziwira chipsera cha mwana wake. Chinali m'chikwama chake cham'manja, pakakhadi kokulungidwa m'mpango, ndipo chinali chitakhalamo chaka ndi miyezi iwiri.

Amuna ake anali dalaivala wa lole yonyamula katundu. Ankachoka masabata awiri, n'kudzakhala pakhomo masiku atatu. Ulendo womaliza anadwalira panjira, n'kumwalirira m'chipatala cha kutali. Zimene zinabwera kunyumba pamodzi ndi thupi lawo ndi chikwama cha zovala ndi jekete lakuda. Wosita zovala sanyika chinthu m'madzi asanapise m'matumba, ndi lamulo loyamba la ntchitoyo, ndipo dzanja limapita lokha ngakhale mtima uli kwina. M'thumba lam'kati la jeketelo anapezamo kakhadi kakang'ono, kakatali kuposa mulifupi mwake, kodulidwa mopendama kumtunda ngati lumo linaterereka. Pamwamba panali mawu ang'onoang'ono, othithikana ngati anthu obisala mvula pakhonde lopapatiza: *kulankhula sinditha*. Ndiyeno pepala loyera, lalitali, lopanda kanthu. Pansi penipeni, chakumanzere, zilembo zotayana bwino: *koma ndimabwera*. Chilembo chothyoka mwendo chinali pa *koma*. Panalibe dzina la wopereka, panalibenso la wolandira.

Zoti kulankhula sankatha, zinali zoona. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za ukwati, mawu okoma amene anawamva kwa iwo sakanadzaza supuni. Akafika ankavula nsapato, n'kufunsa ngati chitseko cha kubafa chikutsekekabe, n'kutenga hamala. Iyenso sanali munthu wa mawu. Ankangowathirira tiyi, n'kukhala chapafupi. Koma kakhadi ngati kameneka sanalandirepo, ndipo dalaivala amabwera mbali zonse ziwiri za msewu. Akafika kuno wabwera, akafika uko wabweranso. Ankabwera kwa yani? Funso limeneli ndi limene linamulanda maliro. Akafuna kuwalira, funsolo linkatulukira, misozi n'kubwerera.

Mnzake wa pantchito, amene ankachapa pamene iye ankasita, anthu ankamutcha Wailesi chifukwa analibe batani lozimitsira. Wailesiyo ankatcha mayiyo a Phee.

"A Phee, mwayamba liti kuyang'ana amuna?" anafunsa patapita masiku atatu. "Khosi lija latembenukira kutsidya. Ngati ndi a Zilembo osindikiza aja, ndikuuzeni, mano atsala asanu."

"Ndikungoona mmene amagwirira ntchito."

"Ntchito? Ija ndi pokwerera mabasi a zibwenzi. Inu werengani amuna amene amalowamo. Theka malaya awo timasita ife, ndipo amene amabweretsa malayawo ndi akazi awo. Chikomekome cha mkuyu, mnzanga."

Mayiyo anasuntha tebulo lake lositira pang'ono kuti zenera la kutsidya lizioneka bwino. Anati kuwala kukuchepa. Wailesi anaseka mpaka kutsokomola, n'kumukoka epuloni.

"Musanayambe kusaka banja, sokani kaye thumba lina. Ili lokhotali likuthamangitsa amuna."

Thumbalo analisoka yekha zaka zambiri zapitazo ndi kansalu kotsala, ndipo kansaluko kanachepa mbali imodzi. Ankasungamo timapepala ta manambala tomata pazovala. Analibe nalo ntchito kuti likuoneka bwanji.

Anayamba kuwerenga olowa ndi otuluka. Wailesi sananame kwenikweni. Analowa mphunzitsi amene akazi ake ankabweretsa malaya oyera asanu Lolemba lililonse. Analowa wogulitsa matayala, akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba nkhuku. Analowa namwino wina ali ndi mphete pachala. Onse ankakhalitsa, ena ola lathunthu, ndipo ankatuluka dzanja lili pathumba la pachifuwa. Chodabwitsa n'chakuti palibe amene ankalowa ndi pepala lolembedwa. Ndipo ambiri sankabweranso.

Za moyo wa a Zilembo anazitola pang'onopang'ono, zina kwa Wailesi, zina kwa mayi wogulitsa zipatso pakona, amene anali pamsewupo chiyambire usanaikidwe phula. Akuti anayamba ali ndi zaka khumi ndi zisanu pa kampani yaikulu yosindikiza mabuku, akusesa pansi ndi kutola zilembo zamtovu zimene akuluakulu agwetsa. Atazitola ankayenera kuzibwezera chilichonse m'kachipinda kake m'dirowa, ndipo ndi mmene anaphunzirira kuwerenga chobwerera, kuchokera kumanja, mutu wa chilembo uli pansi. Mwendo unapsinjidwa ndi mpukutu wa mapepala ali mnyamata. Kampaniyo itagula makompyuta, anzawo anapita kukaphunzira kudinda ndi mabatani. Iwo anapempha makina akale amodzi opondaponda ndi phazi, amene ankati akatayidwe, pamodzi ndi makabati awiri a zilembo. Anawakweza pangolo n'kudzawaika m'kachipinda kameneko. Poyamba ankasindikiza makadi a ukwati ndi zikwangwani za m'mashopu. Zimenezo zitapita kwa a makompyuta, anatsala ndi ntchito imodzi imene makompyuta sankaifuna: anthu amene ali ndi mawu kwa wokondedwa koma pakamwa pakulemera.

"Akazi awo anawathawa," anatero mayi wa zipatso akusenda lalanje. "Anati, mawu a anthu onse mumawakonza, anga okha mulibe. Anapita kukakhala kwa mwana wawo wamkazi. Zaka khumi ndi chimodzi tsopano. Wophika sakhuta, mwana wanga."

Mayiyo anamva zimenezi mtima osafewa. Munthu amene mkazi wake anamuthawa, n'kumathandiza amuna a eni kulembera akazi ena, angakhale munthu wotani? Ankawaona m'mawa akutsegula loko, akupukuta galasi ndi mkono wa chikhoti, akuyandikiza chinthu pamphuno kuti achione. Ankaoneka ngati munthu wosalakwa. Koma amuna akenso ankaoneka chomwecho.

Anaganiza zongopita n'kufunsa. Anadziwa kuti sangathe, mawu akafika pakhomo adzamuthawa. Ndipo munthu wa zinsinsi za anthu sangaulule kwa mkazi wa mwini. Anaganiza zowatchera msampha. Lachisanu lina masana anavula epuloni, n'kuipinda, n'kusamba m'manja, n'kumanga mpango wabwino kumutu. Anafuna aoneke ngati kasitomala wochokera kwina.

"Mukapereke moni kwa alamu," anatero Wailesi.

M'kati munali fungo la inki ndi mafuta a makina. Kachipindako kanali kopapatiza, kumanzere makabati a madirowa opyapyala ambirimbiri, pakati makina akuda okhala ndi gudumu lalikulu ndi chopondera ngati cha makina osokera. Pakhoma panali mashelefu, ndipo pamenepo panali timagulu ta zilembo, gulu lililonse lomangidwa ndi chingwe ngati mtolo wa nkhuni za chidole. Pafupi ndi zenera panali mpando umodzi wopanda chotsamira.

"Khalani apo, mayi," anatero a Zilembo osatembenuka. Anamaliza kupukuta zala chimodzichimodzi. Atamuyang'ana, anatsinzina ngati akuyang'ana dzuwa, ndipo mayiyo anazindikira kuti sanamudziwe. Maso awo ankathera pamene dzanja lawo lathera.

"Ndikufuna khadi," anatero.

"Aliyense amafuna khadi. Musandiuze dzina lanu, musandiuzenso la munthuyo. Mayina ndimaiwala, ndipo ndimaiwala dala. Mwalemba papepala?"

"Ayi."

"Mwachita bwino, ndikanakubwezerani. Zolemba kunyumba zimabwera zitavala suti. Ine ndimafuna ndimve mukunena, ndione pamene mawu akukukanikani, pamene mukuthamanga, pamene mwaima. Pamene mwaima ndimasiya malo. Pamene mwanong'ona ndimachepetsa. Koma tisanafike kumeneko, ndiuzeni za wowerenga. Adzawerenga ataima kapena atakhala?"

Funso limeneli sanalikonzekere. Anali atakonza bodza la mwamuna wina wa ku ofesi, koma bodzalo linalibe miyendo.

"Atakhala," anayankha. "Pampando wa pakhomo, akuvula nsapato."

"Amavala magalasi?"

"Amakana. Amatalikitsa pepala."

"Ndiye zilembo zikhale zonenepa. Mukamuuza chinthu chokoma, amatani?"

"Amafunsa za chitseko."

A Zilembo anaseka chapansipansi. "Alipo ambiri a mtundu umenewo. Chabwino. Lamulo langa ndi ili. Lero ndikusindikizirani koyeserera, papepala wamba. Mukakasunge m'thumba masiku asanu ndi awiri, osapereka. Muzikatulutsa m'mawa, mutakwiya, mutatopa, muli ndi njala. Mawuwo akapanda kukuchititsani manyazi, mubwere, ndidzasindikize papepala labwino. Zilembo zanu ndimazimanga n'kuziika apo pashelefu. Ndimadikira chaka. Chaka chikatha ndimamasula, zibwerere kwawo m'madirowa, zikagwire ntchito ya ena."

Mayiyo anayang'ana pashelefupo. Timitolo tinali tambiri, tina ta fumbi.

"Onsewa sanabwere?"

"Ena anachita manyazi. Ena anapeza kuti angathe kunena okha pakamwa, amenewo ndiye ndimakondwera nawo. Ena sindidziwa. Tiyeni, nenani."

Anagwira chikwama chake mwamphamvu, n'kuyang'ana pansi.

"Kulankhula sinditha," anatero. Anameza malovu. "Koma ndimabwera."

Dzanja la a Zilembo linali litafika kale padirowa. Linaima pomwepo. Kenako anatseka dirowayo pang'onopang'ono, n'kukoka bokosi, n'kukhalapo moyang'anana naye.

"Mawu amenewo si anu, mayi. Mwawanena ngati mukuwerenga chikwangwani."

Mayiyo anamasula mpango n'kuika kakhadiko pamaondo pake. A Zilembo sanakagwire. Anangowerama, mphuno pafupi, n'kuwongoka.

"Ndi ntchito yanga. Ndinamasula miyezi iwiri yapitayi. Mwini wake ali kuti?"

"Anamwalira. Ndinakapeza m'jekete."

"Pepani kwambiri." Anavula kapu imene inali kumutu n'kuiika pabondo. "Inu ndinu akazi awo."

"Kanali ka yani?"

"Sindidziwa."

"Mukudziwa."

"Ndakuuzani kuti mayina sindifunsa."

"Koma munafunsa za wowerenga. Ataima kapena atakhala. Munafunsa, eti?"

Mawu ake anamudabwitsa yekha, sanadziwe kuti angatuluke olimba chotero. A Zilembo anapotokola kapu ija m'manja.

"Ndinafunsa. Koma zimene munthu wanena pampando umenewo zimatsala pampandopo. Ndikanakhala wouza akazi a anthu, khomo ili akanaligumula kalekale. Ndipo tamverani, mayi. Ndingathe kukuuzani kuti kanali kanu, inu n'kupita mukusangalala. N'zosavuta. Koma ndikhala ndanama, chifukwa sindikudziwa. Ndasindikizira amuna opita nako kwa akazi awo, ndasindikiziranso opita nako kwina, ndipo pankhope amafanana."

"Ndiuzeni chimodzi chokha. Anakhala pampando uno?"

A Zilembo anazengereza, ndipo kuzengerezako kunali koipa kuposa yankho.

"Anausuntha. Anauika kuseri kwa makinawa. Anati safuna kuonedwa pazenera."

Mayiyo anakulunga kakhadiko, n'kuimirira. Pazenerapo ankaona bwinobwino tebulo lake lositira kutsidya, simbi itaimikidwa, Wailesi akusuzumira. Ndiye kuti amuna ake anakhala muno, kuseri kwa chitsulo chakudachi, akubisala iyeyo, iye ali apo akusita malaya a eni.

"Zikomo," anatero, chifukwa analeredwa kunena zikomo.

Masabata otsatira anabweza tebulo pamalo pake akale. Jekete lija, limene ankalipachika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, analipinda n'kuliika pansi pa sutikesi. Anayamba kukumbukira zinthu zimene kale sizinali kanthu. Ulendo wina anabwera ndi sopo wa fungo lachilendo. Ulendo wina anachedwa masiku awiri n'kunena za tayala. Tsiku lina anawapeza kukhitchini m'mawa atagwira epuloni yake ndi katoni ya sopo, ndipo atamuona anadzidzimuka, n'kunena kuti akufuna lumo. Ankafuna chiyani m'thumba mwake? Ankaganiza kuti iyenso ali ndi zobisa ngati iwowo? Chilichonse chimene ankachigwira chinkasanduka umboni.

Wailesi atamva nkhani yonse, anatembenukira ku beseni lake. Anachapa mabulangete awiri.

"Kang'ambeni," anatero pomaliza. "Wakufa sayankha mlandu. Ndipo nkhalamba ijayo ikudziwa, ikungoteteza amuna anzake. Onse ndi amodzi."

"Akanafuna kuteteza akanandinamiza."

"Ndiye kuchenjera kwakeko. Wabodza weniweni amayamba ndi kunena kuti sanama."

Kakhadiko sanakang'ambe. Sanakatulutsenso m'mpango. Kanangokhala m'chikwama, kumapita naye kuntchito ndi kubwera naye, ngati mwala mu nsapato.

Mwezi wachitatu, chingwe cha kukhonde kutsidya chinayamba kukhala chopanda mapepala. Mayi wa zipatso anati maso a a Zilembo afika poti zilembo zing'onozing'ono akuzizindikira ndi chala chokha, ndipo sabata yatha anasindikizira munthu mzere wonse chadodolido. Mwana wawo wawaitana kuti akakhale naye. Makina agula anthu a sukulu ina yophunzitsa zojambula, akuti akawaike pakhonde anthu azidzaona.

"Kwa mwana wawo kuja kuli akazi awo?" anafunsa Wailesi.

"Komweko. Nyumba imodzi, zitseko ziwiri."

"Ndiye kukhala filimu."

Loweruka m'mawa mayiyo anamva kukoka kwa mwendo pakhomo. Sanakweze mutu mpaka mthunzi unafika patebulo. A Zilembo anali atanyamula jekete la bulauni pamkono, lakale koma la nsalu yabwino, lokwinyika chifukwa chokhalitsa m'bokosi. Wailesi anali kuseri akuyanika.

"Ndikunyamuka masana ano," anatero. "Lingatheke kusitidwa ndikudikira? Sindikufuna kukafika ngati ndagona m'ngalande."

"Litheka," anayankha.

Bambowo anamuzindikira ndi mawu. Mayiyo anaona mmene anawongokera.

"Ndinu mayi aja. Mumagwira ntchito muno?"

"Zaka zisanu ndi chimodzi."

A Zilembo anatembenuka n'kuyang'ana kutsidya, kumene kunali zenera lawo, ngakhale kwa iwo kunali chifunga chokha. Mayiyo anatenga jeketelo, dzanja n'kupita lokha m'matumba. M'thumba lam'kati munali kakhadi. Kanali kofewa ngati nsalu, m'makona mutatha, kopindika potsata chifuwa cha munthu. Anakatulutsa chozondotsa, n'kukapereka osawerenga.

"Masiku asanu ndi awiri anu atalika," anatero. Sanadziwe kumene mawuwo anachokera.

"Zaka khumi ndi chimodzi," anatero a Zilembo akukalandira. "Lamulo ndi losavuta kuikira ena."

Mayiyo anawaza madzi pajeketelo, n'kuyala nsalu yopyapyala pamwamba kuti simbi isawalitse bulauniyo. Anasita mapewa, msana, mikono. Bambowo anaima pafupi ndi tebulo, akuonerera ngati mmisiri woonerera mmisiri mnzake. Atamaliza, mayiyo anapisa m'thumba la epuloni kuti atenge kapepala ka nambala, mwachizolowezi chabe, popeza mwini jekete anali pomwepo.

"Taimani," anatero a Zilembo.

Anawerama mpaka mayiyo anabwerera m'mbuyo ndi manyazi.

"Pepani, mayi, si chipongwe. Thumba ilo. Anasoka ndani?"

"Ndekha."

"Pali epuloni ina yotere? Ya mnzanu, ya m'bale wanu?"

"Ndani angafune yotere? Nsalu inachepa."

"Tsiku lija simunavale."

"Ndinavula."

A Zilembo anawongoka n'kupukusa mutu, akudzilankhulira chinachake chosamveka. Kenako anati, "Kakhadi kaja muli nako?"

Mtima wa mayiyo unati uyu wayamba. Akuchoka lero, akufuna asiye mbiri yabwino, apange kankhani kotonthoza wamasiye. Komabe anatenga chikwama pansi pa tebulo, n'kumasula mpango.

"Chotsani timapepalato," anatero bambowo. "Kalowetseni m'thumbamo. Mawu ayang'ane kwa inu."

Anakhuthula timapepala ta manambala patebulo. Koyamba kakhadiko kanakodwa pa ulusi. Kachiwiri kanatsetsereka mpaka pansi. M'mbali simunatsale malo ngakhale a chikhadabo. Kumtunda, kupendama kwa kakhadiko kunagona ndendende pa kupendama kwa mlomo wa thumba, kukwera kumene thumba linkakwera, kutsika kumene nsalu inachepa.

Anaima akuyang'ana pansi, pathumba lakelo. Anakakoka pang'ono. Anakabwezera. Anakakokanso.

"Matumba amafanana," anatero, koma mawuwo anatuluka opanda mphamvu.

"Ine ndadula mapepala zaka makumi asanu, ndipo ndimadula mowongoka. Munthu uja anabwera ndi kachidutswa ka katoni ya sopo, kodulidwa chonchi. Anati kakhale chimodzimodzi, chifukwa m'manja sangathe kupereka, akalowetsa pamalo poti mwini wake akakapeze yekha iye atanyamuka. Ndinamufunsa kuti ndi malo anji opendama chotero, anangoti thumba. Thumba la yani sananene, ine sindinafunse. Tsiku lija ndikanakuuzani za katoni, mukanapita kukayeza matumba a akazi a tauni yonse."

Katoni ya sopo. Lumo. M'mawa uja kukhitchini. Mayiyo anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Nanga mawu enawa munawaikiranji pansi?" anafunsa. Ankafunabe pena pamene nkhaniyo ingathyokere.

A Zilembo anakanda m'mutu. "Lamulo lija ndaliphwanya kale, shopu ndatseka. Anati wowerengayo ukamuuza chinthu chokoma sakuyang'ana. Amathawitsira maso pansi, chakumanzere, n'kupeza chochita ndi manja. Ndiye ndinati tikawadikirire komweko."

Mayiyo anapeza kuti maso ake ali pansi, chakumanzere, ndipo manja ake akusonkhanitsa timapepala ta manambala timene tinali tosonkhana kale. Anatisiya. Funso lija limene linamulanda maliro chaka ndi miyezi isanu linamusiya, ndipo misozi inagwera pansalu yositirapo, imodzi n'kugwera pasimbi n'kulira kuti tsii. Wailesi anatulukira ndi beseni, n'kuona, n'kubwerera kuseri chobwerera.

Bambowo anadikira osamuyang'ana. Anavala jekete lawo likadali lofunda, n'kubwezera kakhadi kawo m'thumba lam'kati, n'kupapasapo kawiri.

"Mukapereke," anatero mayiyo akupukuta m'maso ndi mpango uja. "Lero lomwe. Musadikire pepala labwino."

"Ndikaona mmene akandilandirire."

"Ayi. Mukapereke."

Bambowo anagwedeza mutu, osalonjeza. Anayenda mpaka pakhomo, n'kuima kuti njinga idutse. Ali pomwepo anatembenuka, n'kuloza ndi chibwano ku epuloni ija.

"Anandivutitsa munthu uja ndi kona imeneyo, mapepala anayi ndinawononga. Ndinamuuza kuti palibe mkazi padziko amene angasoke thumba lotero. Mundikhululukire, mayi. Musalikonze."